Chithunzi Chimene Chinapita ndi Bokosi la a Fackson

Tambala wachiwiri akamalira, Mayi Lestina Amosi amakhala atadzuka kale. Ndimadziwa chifukwa khoma lolekanitsa nyumba yanga ndi yawo, pa kompaundi ya esiteti, ndi la njerwa imodzi, ndipo ndakhala ndikumva zochita zawo kwa zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu. Amayamba ndi kutsokomola. Kenaka amapemphera mwachidule, mawu ake osamveka. Akatero amakoleza makala ochepa pambaula.

Mpaka chaka chatha, asanatereke n'komwe madzi osamba, ankatulutsa buku lawo la zithunzi m'chidebe chotsekeka, n'kuliimika pampando chapatali ndi moto, masamba ake atatambasuka kuti apitidwe mphepo yofunda. Kuno chiperoni chikagwa chimatha sabata yathunthu. Mchere umasungunuka m'botolo, machesi amakana kuyaka, zovala siziuma. Zithunzi nazo zimamatirirana n'kuchita chuku, ukazisiya.

Buku likafunda ankalibwezera m'chidebe. Kenaka juzi, chitenje, chipepala cha pulasitiki m'chiuno chotchinga mame, dengu kumsana. Potuluka amagogoda khoma kawiri, ine n'kuyankha kamodzi. Ndiwo moni wathu. Sayirini ya kufakitale ikamalira iwo amakhala ali kale pamzere wawo m'munda, manja ali m'tiyi wonyowa.

A Lestina anabadwira kwa Changata. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, kudzafuna ntchito m'minda yomweyi. Iwo anayamba kuthyola tiyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zala zawo zinada n'kung'aluka moti pogwira chithunzi amayamba apukuta m'manja pachitenje kawiri katatu. Si munthu wolankhulalankhula. Ku Mvano amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Amuna awo, a Fackson, anali a ku Thekerani. Ankagwira ntchito yoponya nkhuni za bulugamu m'ng'anjo yowumitsira tiyi. Ndimawakumbukira ngati munthu wamtali, wokonda kuimba mluzu potsuka njinga. Kupitirira apo sindinganene zambiri, zaka zapita.

Pa Khirisimasi ya 1997 kunabwera wojambula wa panjinga pa kompaundi. Anthu anathamangira kukasamba. A Fackson anavala jekete yobwereka, n'kuima kutsogolo kwa munda wa tiyi, dzanja lili paphewa la akazi awo. A Lestina anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Chithunzicho chinabwera patatha masabata atatu, ndipo chinali chokhacho chimene a Fackson anajambulitsapo moyo wawo wonse, kupatula kachiphaso ka kuntchito kamene kanabwezedwa ku ofesi.

“Tonse atatu tilimo,” ankatero a Lestina. “Uyu sakuoneka chabe.”

Denga la nyumba yawo linkadontha. M'nyumba monsemo malo ouma anali amodzi okha: m'bokosi la malata la a Fackson, limene ankasungamo khadi ya ubatizo ndi malaya a kutchalitchi. A Lestina anakulunga chithunzicho m'kansalu, n'kuchiika pansi penipeni pa bokosilo. Mkazi aliyense wa pa kompaundi pano akanachita chimodzimodzi.

A Fackson anamwalira mu June 1999, chifuwa chitawavuta miyezi inayi. Mwana wawo Tisungane anali atangoyamba kuyenda. Tinakawaika ku Thekerani. Patapita mwezi, abale awo anabwera kudzasudzula, ndiko kumasula mkazi wamasiye ndi kugawa katundu wa malemu. Ine ndinalipo, ndinkatunga madzi ndi kuthandiza kukhitchini. A Lestina anakhala pamphasa pakona, mutu wometa, atafunda chitenje, maso ali pansi. Pamwambo umenewu namfedwa salankhula. Omulankhulira amakhala ankhoswe.

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: anthu aja sanalande kanthu. Anali aulemu. Miphika, mbale, zofunda, bedi, ngakhale wailesi, anati zitsale ndi mwana. Anangotenga zimene zinali za thupi la mwamuna: njinga, nsapato, ndi bokosi lija. Mkulu wina anafunsa ngati alitsegule anthu aone zam'kati. A Jean, mlongo wake wa malemu, anakana.

“Ayi, tisatsegule pano. Tingaoneke ngati tabwera kudzafufuza m'nyumba mwa alamu athu.”

Ananena pofuna kulemekeza. Anapinda nkhata, n'kusenza bokosilo pamutu. Ndinaona a Lestina akutukula maso pang'ono, kulitsatira mpaka pakhomo, n'kuweramanso.

Mawa lake tinakumana pampopi. A Lestina anadikira amayi ena achoke.

“Achemwali, chithunzi chija chapita.”

“Chiti?”

“Cha Khirisimasi. Chinali m'bokosi.”

“Nanga osanena bwanji dzulo lija?”

“Ndi pakamwa pati? Akanati mkaziyu mwamuna sanazizire n'komwe m'manda, wayamba kale kulozaloza katundu.”

Sindinawatsutse. Nanenso tsiku langa litafika, zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pake, ndinakhala pamphasa yomweyo ndipo ndinadziwa kulemera kwake kwa lilime.

A Lestina sukulu analekeza Sitandade 3, choncho kalata yoyamba ndinalemba ndine. Tinaitumiza kudzera ku tchalitchi cha ku Thekerani. Yankho linabwera pakamwa, ndi bambo wina wogulitsa nthochi. A Jean ankati kalata aiona, koma amayi awo okalamba amachiyang'ana chithunzicho tsiku ndi tsiku, ndipo kuwalanda kungakhale kuwapha. Adikire kaye. A Lestina anati n'zomveka, amene uja ndi mayi wobereka. Anadikira. Agogowo anamwalira mu 2006. Kukapempha chithunzi pamaliro sikukanatheka, patangotha maliro sikukanaoneka bwino, ndipo chaka chikatha munthu umachita manyazi kuyambanso nkhani yakale. Kalata yachiwiri tinalemba mu 2009. Imeneyo sitidziwa ngati inafika.

Buku la zithunzi linayamba chifukwa cha funso la Tisungane. Ali Sitandade 4 anabwera kuchokera kusukulu n'kufunsa kuti bambo ake anali oderapo kapena oyererapo. A Lestina anayankha, koma madzulo anabwera kwanga atakhumata.

“Ndamuuza kuti oderapo. Koma achemwali, anali oderapo chotani?”

Kuyambira pamenepo analumbira kuti nkhope ina isadzasowenso m'nyumba mwawo. Anasonkhanitsa zithunzi zonse zimene zinali m'Baibulo, m'thumba la ufa, pansi pa matiresi. Poyamba anagula alubamu ya ku Boma, ija ya masamba omata okutidwa ndi pulasitiki, imene inali m'fasho nthawi imeneyo. Dzinja limodzi lokha, pulasitiki inatukumuka, zithunzi zinasanduka zachikasu. Anaitaya kudzala.

Ndipo anaganiza zopanga lawo. Tiyi wopita kunja amaikidwa m'matumba a mapepala okhuthala, ofiirira, okhala ndi chonyezimira m'kati. Ong'ambika amatayidwa. A Elijah, amene ankagwira ntchito kolongedza, ankawasungira. A Lestina ankasenda chonyezimiracho, kudula mapepalawo ndi lezala molingana, kuwapsinja pansi pa mtondo sabata imodzi kuti awongoke, n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi womasula ku thumba la feteleza. Chikuto chake anamata ndi chidutswa cha chitenje cha ukwati wawo. Mpaka lero ukalitsegula limanunkhira tiyi.

Pomata zithunzi anachita zimene tonse tinkachita kusukulu: anaphika kaphala ka ufa wa makaka, chinangwa chouma chija. Kanagwira bwino kwambiri. Mphemvu nazo zinakakonda. Atatsegula bukulo patatha mwezi, anapeza zadya phalalo, zadya ndi pepala lomwe, zabowola mpaka kutsogolo. Chithunzi cha amayi awo chinatsala mpango ndi chibwano. Tsiku limenelo sanalire. Anangokhala pakhonde, buku lili pamiyendo, mpaka nkhuku zinalowa.

Pambuyo pake anapeza njira yawo. Pa tsamba lililonse amacheka timipata tinayi ndi lezala, n'kulowetsamo ngodya zinayi za chithunzi. Palibe chomata, palibe chodya mphemvu, ndipo chithunzi chikachita chinyezi umachitulutsa n'kuchipukuta. Ine ntchito yanga inali kulemba pansi pake mayina ndi chaka, poti ndine mlembi wa Mvano ndipo amati dzanja langa limawerengeka.

Muli zambiri m'menemo. Ubatizo wa Tisungane. Tisungane atavala yunifolomu yaikulu kuposa iye. Nkhope ya a Lestina eni ake yodula pachiphaso chakale cha esiteti, akuoneka ngati awopsezedwa. Mapepala a mwambo wa maliro a anthu a pa kompaundi, aja amakhala ndi nkhope ya malemu pamwamba. Chithunzi cha kwaya chimene a Lestina akuonekamo chigongono chokha, koma anaumirira kuti ndilembe kuti “Ine, kumanzere.” Amuna anga nawo alimo, pa tsamba la khumi ndi chimodzi. A Lestina anandipempha chithunzi chawo chimodzi, amati chikhale ndi posungira pawiri.

Tsamba loyamba analicheka timipata take tinayi, poyeza ndi chikhatho kukula kwa chithunzi chija momwe ankachikumbukirira. Sanaikepo kanthu.

Ku Boma kuli kashopu ka zolembera kamene amagulitsamo mtsikana wina dzina lake Triza, wapakamwa posapuma. Tikapita kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a Lestina ankakonda kudzerako. Triza akangowaona ankayamba kuyala katundu pathebulo.

“Amama a zithunzi afika! Lero simutuluka chimanjamanja. Onani tepi iyi, ya maluwa, yangofika kuchokera ku Limbe. Onani timitima tomata. Sizasi iyi imadula mokhotakhota ngati mano a ng'ona.”

“Chaka chatha unkati maluwa a pepala.”

“Aaa, zimene zija zinatha fasho, amama. Pano anthu akufuna zonyezimira. Mumawaza chonchi, tsamba lonse waliwali.”

“Nanga mphemvu zimati bwanji?”

“Mphemvu za kwanuzo zinaphunzira sukulu yanji, zosaopa ndi guluu wa m'botolo yemwe?”

“Zinaphunzira kwa ine. Ndinazilera ndi phala.”

Zaka zonsezi ndinaona zinthu zikubwera ndi kupita pa shelefu ya Triza: maalubamu a timatumba, mafelemu a golide wabodza, mapepala a mitundumitundu, nthambo zopachikira zithunzi ndi timapegi. A Lestina ankagwira chilichonse, kuchitembenuza, kufunsa ntchito yake, n'kuchibwezera. Ankatuluka ndi malezala awiri basi. Kamodzi kokha anagonja: anatenga pepala la tinyenyezi tomata, Tisungane atamaliza maphunziro a uphunzitsi, n'kuzunguliza nato chithunzi chake chovala gauni. Kanyenyezi kamodzi kanapendekeka. Kanawasowetsa mtendere mwezi wathunthu.

Anali Triza yemweyo amene, kumapeto kwa 2023, atamva za tsamba lopanda kanthu lija, anaomba m'manja.

“Amama, mukuvutikiranji? Chithunzicho asachite kukupatsani. Wina angochijambula ndi foni, atumize kuno, ine ndikutsukirani pa makina awa. Mphindi zisanu.”

A Lestina anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Chenichenicho n'kukhala konko?”

“Konko! Osachikhudza n'komwe.”

Tinabwerera pa minibasi. Tikukwera chitunda cha ku kompaundi ndi pamene a Lestina anati, “Zaka zonsezi ndimapempha kuti andibwezere. Kani pongofunika kupempha kuti andionetse.”

Nthawi yomweyo nkhani ya ukwati wa Tisungane inali itapsa. Anapeza mnyamata wa ku Luchenza, mphunzitsi mnzake, ndipo tsiku linaikidwa mu August 2024. A Lestina anandiuza kuti alibe mbuzi kapena kabati yopatsa mwana wawo. Adzamupatsa bukulo. Koma ankafuna kuti akadzalitsegula, ayambe waona bambo ake.

“Komanso ine ndemwe,” anawonjezera, akuyang'ana kumbali. “Ndikatsinzina ndimaona jekete ija. Ndimaona dzanja paphewa. Nkhope imakana.”

Tinanyamuka Loweruka lina mu May, tiyi atachepa m'minda. Ndinatenga foni imene anandigulira mwana wanga Caleb. Tinakwera minibasi, kenaka njinga zamoto, msewu wokhotakhota wa m'mapiri umene unandisiya msana ukuwawa masiku atatu. A Lestina ananyamula nandolo ndi paketi ya shuga za a Jean. Njira yonse ankayeseza mawu oti akanene.

Pakhomo pa a Jean tinapeza chitseko chokhoma ndi udzu utamera pabwalo. Anatilandira ndi a Mathew, mng'ono wawo wa a Fackson, amene tsopano ndi bambo wa imvi. Anatiyalira mphasa, tinalonjerana, ndipo anatiuza kuti a Jean anatisiya mu February. Uthenga sunatipeze. Panalibe wolakwa: mkazi akasudzulidwa sakhalanso pa mndandanda wa anthu otumiziridwa uthenga wa maliro.

Tinapepesa, tinapemphera. A Lestina anadikira mpaka tamwa madzi, ndipo anafunsa za bokosi.

“Bokosi la achimwene? Lilipo, alamu. Linagwera ine pogawana.”

Analowa m'nyumba n'kulitulutsa. Linali lomwe lija, lobiriwira, dzimbiri litadya m'makona. A Lestina anapukuta m'manja pachitenje, n'kutsegula. Munali mbewu ya chimanga yosakaniza ndi phulusa.

“Mapepala onse anatenga Lilly, mwana wa a Jean,” anatero a Mathew. “Makadi, makalata, zithunzi. Amati kuno zingadyedwe ndi chiswe, akasunga bwino iyeyo. Anabwerera ku Joni maliro atangotha.”

“Chithunzi cha Khirisimasi munachionapo?”

“Cha jekete? Ha! Jekete imene ija inali yanga. Anabwereka sabata imodzi, inabwera patatha chaka.” Anaseka, kenaka anaona nkhope ya a Lestina n'kuleka. “Kapena mujambule ine, alamu. Anthu ankati timafanana.”

A Lestina anawayang'anitsitsa, kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano, mosachita manyazi, ngati akusankha nsalu.

“Makutu okha, alamu.”

“Ndiye jambulani makutuwo.”

Tinaseka tonse atatu, kuseka kwa anthu otopa. Nandolo ndi shuga tinasiyira iwo.

Nambala ya Lilly inali yolembedwa ndi khala pakhoma la khitchini. Foni kumeneko imagwira pamalo amodzi, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Tinakwera pamenepo. Tinayesa kuimba, sinalowe. Ndinauza a Lestina kuti alankhule mawu, ndiwatumize, Lilly akawamva nthawi yake. Anakonza mpango, anamanganso chitenje, ndipo nditawayandikizira foni anapinda maondo pang'ono monga timachitira polankhula ndi munthu wamkulu, ngakhale Lilly anamusiya ali kamwana ka kumsana. Analankhula kamodzi, osabwereza.

Pofika kunyumba timizere tiwiri ta pansi pa uthengawo tinali titasanduka tabuluu. Caleb anandiphunzitsa kuti zikatero ndiye kuti munthu wamva. Tinadikira sabata. Tinadikira mwezi. Ndinalembanso ine mawu ochepa aulemu, nawonso anawerengedwa. Tisungane anayesa kuimba kawiri, foni inangoitana.

Sindimuweruza Lilly. Mwina chithunzicho chinatayika panjira ndipo akusowa poyambira kunena. Mwina chili m'chikwama kwa munthu wina kumene ankakhala kale. Moyo wa kumeneko timangoumva, ena amagona asanu m'chipinda chimodzi. Ndimamutchula m'mapemphero pamodzi ndi ana anga.

Kutatsala masiku awiri ukwati, a Lestina anabwera ndi bukulo kwanga masana, atachoka kumunda, zala zikadali zonyowa. Anatsegula tsamba loyamba n'kundipatsa cholembera.

“Lembani.”

“Pansi pa chiyani, achemwali?”

“Lembani basi. Chikadzabwera chidzapeze dzina lake lili kale.”

Ndinalemba: A Fackson Amosi, Lestina, ndi Tisungane asanabadwe. Khirisimasi 1997.

Bukulo anamupatsa Tisungane m'mawa wa tsiku la ukwati, m'chipinda, asanavale velo. Mwanayo anatsegula, anawerenga mawuwo, n'kuyendetsa chala pa timipata tinayi tija. Ankadziwa kale nkhani yonse.

“Usadzamatepo china,” anatero amayi ake. “Ndipo uziliwothetsa dzuwa. Ku Luchenza kulinso chinyezi.”

“Ndamva, amayi.”

“Guluu ayi.”

“Ndamva.”

Bukulo lili ku Luchenza tsopano. A Lestina atsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito, ndipo akapuma nyumba ya esiteti adzaisiya n'kubwerera kwa Changata. Mawondo ayamba kuwavuta, dengu salidzazanso monga kale. M'mawa ndimamvabe chifuwa chija, pemphero lija, ndi mbaula ikukokedwa, ngakhale palibenso choumitsa. Akagogoda khoma kawiri, masiku ena amaima pawindo langa dengu lili kumsana.

“Achemwali, foni ija?”

“Sinalire.”

“Chabwino.”

Ndipo amatsika kumunda, nkhungu n'kuwameza asanafike pa mtengo wa bulugamu.

Uthenga wawo ukadali m'foni mwanga. Ndi waufupi, kumbuyo kwake kukumveka mphepo ya pachulu paja ndi mbuzi ikulira. Amati:

“Lilly mwanangu, ndine Lestina, amene ndinali mkazi wa amalume ako a Fackson. Pepa ndi maliro a amayi ako, sindinamve. Pa mapepala unatenga paja pali chithunzi cha bambo wovala jekete ndi mayi woyembekezera. Sindikuti undipatse, n'chako. Ungochiika poyera, uchijambule ndi foni yako, nkhope ioneke. Kamodzi kokha, mwanangu.”